Mawu othokoza pa opaleshoni ya dzino la mwana wathu

Ine ndi bambo a kunyumba tikufuna kuthokoza pagulu onse amene anatigwira mkono pa matenda a m'kamwa a mwana wathu wachisamba, chifukwa madokotala atsimikiza tsopano kuti dzino limene analisamutsa lagwira ndipo muzu wake ukupitiriza kukula. Poyamba tikuthokoza Mulungu.

Ambiri mwa inu munamva kuti mwana akupita ku opaleshoni ya dzino ndipo munadabwa, popeza kwathu dzino likavuta timangodziwa kuzula. Vuto lake linali lakuti dzino losongoka la m'mwamba, limene limayenera kumera mwana akafika zaka 11 kapena 12, linasochera n'kugona chopingasa m'kati mwa fupa, pomwe dzino la ubwana linali chikhalire pamalo pake. Zimenezi zimachitikira anthu pafupifupi awiri pa 100 aliwonse, atsikana kuposa anyamata, ndipo kuopsa kwake n'kwakuti dzino losocheralo likhoza kudya mizu ya mano oyandikana nalo mwana osamva kupweteka kulikonse. N'chifukwa chake tikuthokoza dokotala wa mano wa m'dera lathu kuno ku England, amene anapapasa usinini ndi chala, n'kuona kuti dzinolo silikumveka pamene liyenera kumveka, ndipo anatitumiza msanga kukajambulitsa.

Ku chipatala chachikulu cha mano anatifotokozera modekha kuti nthawi zambiri dzino lotere amalitsegulira njira n'kulikoka pang'onopang'ono ndi mawaya, koma la mwana wathu linagona moti kulikoka kukanawononga mizu ya anzake. Kulizula n'kuikapo lachitsulo sikukanathekanso, chifukwa dzino lachitsulo limamatirira ku fupa ndipo silitsatira nsagwada pamene mwana akukula. Njira imene inatsala inali kulichotsa lamoyo pamene linabisala n'kulibzala pamalo pake enieni, ngati mmene mlimi amaokera mbande.

Kwa dokotala amene anachita opaleshoniyo, mawu athu ndi ochepa. Anatiuza kuti moyo wa dzino uli pa timinofu tating'onoting'ono tokuta muzu, timene sitiyenera kukhudzidwa ndi chitsulo kapena kuuma, ndipo kuti tikawonongeka, muzu umamatirira ku fupa kapena kudyeka pakapita nthawi. Pofuna kuti dzino lisakhalitse kunja, anajambula nsagwada yonse ndi makina, n'kupanga dzino lofanizira limene anayezera pokonza bowo, kotero kuti dzino lenilenilo linangochoka uku n'kulowa uko. Anasankhanso nthawi mosamala: muzu unali usanathe kukula ndipo nsonga yake inali yotseguka, zimene zimalola kuti mitsempha ya magazi ilowenso m'dzino. Muzu ukatseka, nthawi zambiri pamafunika kuchotsa mtsempha wa m'kati. Ine ndinkaona ngati akuchedwetsa zinthu pamene ankajambula mobwerezabwereza, koma nzeru yonse ya ntchitoyi ili pa nthawi imeneyo. Luso losamutsa manoli linakhwima ku Scandinavia, kumpoto kwa Ulaya, kudzera mu ntchito ya madokotala a mano Slagsvold ndi Bjercke ku Oslo m'dziko la Norway komanso Andreasen ku Copenhagen m'dziko la Denmark, amene mu 1990 anafalitsa zotsatira za mano 370 osamutsidwa, ndipo ife tapindula ndi thukuta la anthu amene sitidzawaona.

Tikuthokoza dokotala wa mawaya, amene anayamba wakonza mpata woti dzinolo likwanemo ndipo akupitiriza kuliwongola, anamwino amene anamulimbitsa mtima mwana asanamugonetse, ndiponso NHS, bungwe la boma loona za umoyo kuno ku England, chifukwa chithandizo chonsechi sitinalipire.

Amayi a mumpingo mwathu, zikomo kwambiri chifukwa cha phala, msuzi ndi mbatata zofewa zimene munkabweretsa pamene mwana analetsedwa kutafuna zolimba, komanso chifukwa chotisungira ang'ono ake pa masiku a ku chipatala. Abusa ndi akuluampingo, mapemphero anu tinawamva mphamvu yake. Alamu athu amene munasintha nthawi yanu ya ntchito kuti mutiperekeze pa galimoto, Mulungu akubwezereni. Agogo ake kumudzi, amene poyamba munakana kuti dzino lingabzalidwe ndipo kenako munkaimba foni kufunsa ngati lagwira, tidzabwera naye mudzadzionere nokha.

Iwe mwana wanga, unapirira kutupa, ulusi m'kamwa, kawaya komangira dzino ku anzake ndiponso kusiya masewera kwa kanthawi, ndipo unkatsuka m'kamwa monga anakuuzira popanda kukukumbutsa. Madokotala ati adzapitiriza kulijambula dzinolo kwa zaka zingapo kuti aone ngati muzu sukudyeka, choncho tikupempha abale ndi alongo kuti musaleke kutikumbukira m'mapemphero anu.