Nangozo anagona mu bulugama

Sabata yathayi tulo sindinalione bwino, ndipo wachititsa ndi mbalame. Ndimagwira ntchito pa puloti ina kunja kwa Pretoria, abwana amaweta zinkhwe zogulitsa, ma African grey ambiri ndi ma macaw ochepa. Ine gawo langa ndi anapiye, kuwadyetsa, kuwayeza pa sikelo, kutsuka makola, nde chaka chino andionjezera ntchito yophunzitsa ma macaw awiri kuuluka panja opanda chingwe kenako n'kumabwerera okha padzanja. Anzanga a ku Zomba ndikawauza amangoseka, ati iwe unapitira ku Joni kukalera mbalame? Eya, ndipo mwana wa munthu ali bwino chifukwa iye sakwera mumtengo wa mamita 20.

Lolemba linayamba monga mwa masiku onse, 5 koloko ndili kale m'chipinda cha anapiye kukonza phala lawo. Phala limeneli ndi la ufa wogula, umasungunula ndi madzi otentha mpaka lifike pa madigiri 40, ndipo sitiyeza ndi chala ayi, pali thermometer yake, chifukwa likatentha kwambiri limawotcha chithokomiro mkati ndipo umadzazindikira patapita masiku kabowo katatuluka pakhosi. Ma grey atatu amene ali ndi masabata 11 anayamba kukana sirinji, amangopukusa mutu phala n'kumandithira pa ovolosi. Chaka changa choyamba zimenezi zinandiopsa zedi, ndinkaganiza kuti adwala, kumene ayi, mwana wa chinkhwe akatsala pang'ono kuuluka amachepetsa kudya yekha kuti thupi lipepuke. Sikelo imatsika pang'ono, iwe umangolemba magalamu m'kope n'kumayang'anira kuti isatsike mopitirira. Mtundu uliwonse uli ndi nthawi yake, ka budgie pa mwezi umodzi kauluka kale, cockatiel masabata 4 kapena 5, grey cha m'ma 12, macaw wamkulu amadikira miyezi itatu. Asanauluke amagwira kamtengo kolimba ndi zikhadabo n'kumakupiza mapiko mpaka utuchi wonse wa pansi kuuluka m'chipinda, ndiye tsiku lina amangopezeka wataya kamtengo kaja ali m'mwamba, iye mwini kudabwa, n'kukaomba khoma.

Lachiwiri kunabwera mayi wina kudzaona grey amene analipira kale, anafunsa ngati tingamudule nthenga za mapiko asanamutenge. Ndinawauza mwaulemu kuti amayi, mulekeni ayambe wadziwa kuuluka, kukhota ndi kutera, zodulazo mudzaganize pambuyo. Mbalame imene yadulidwa isanaphunzire imakula yamantha, minofu ya pachifuwa siikhwima, ikagwa imagwa ngati thumba la mchere. Komanso anthu amadzinamiza kuti yodulidwa siingathawe, mphepo ikaitenga imapita ndithu, kungoti siidziwa kubwerera. Anamva, ngakhale nkhope inaonetsa kuti akadakonda kumva kwa abwana osati kwa ine. Zamapepala anamalizitsa ndi abwanawo, paja ma grey kuyambira msonkhano wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, wa 2016 ku Johannesburg anaikidwa m'gulu lotetezedwa kwambiri, nde mbalame iliyonse pano ili ndi ringi ya nambala kumwendo.

Tsopano za Nangozo. Ndi blue and gold macaw wa miyezi 5, kulemera kwake kilo imodzi ndi pang'ono, dzinali ndinamupatsa ndine tisanatumize nthenga kukayezetsa DNA chifukwa ma macaw sungadziwe ndi maso kuti wamkazi ndi uti, zotsatira zinabwera kuti ndi wamwamuna koma dzina linali litakhazikika kale. Mnzake ndi wamkulu pang'ono, abwana amamutcha Mango. Takhala tikuphunzira m'khola lalitali la waya. Poyamba amangodumpha kuchoka pa kamtengo kufika padzanja, kenako mita imodzi, mamita atatu, mpaka mbali ina kufika mbali ina, ine ndikaimba likhweru iye abwere, akafika alandire kambewu ka mpendadzuwa kapena kachidutswa ka almond. Timachita asanadye cham'mawa, osati kumusala dala ndi njala, koma mbalame yokhuta siikumvera, ngakhale iwe utakhuta nsima wina akuitanire chimanga chokazinga sungathamange.

Lachitatu anachita bwino kwambiri, kakhumi ndamuitana kakhumi wabwera, ndipo apa m'pamene mutu wanga unakula.

Lachinayi masana abwana atapita ku tawuni ndinati ndimutulutse pa bwalo la kuseri kamphindi chabe, paja anali atatulukapo kale kawiri m'mawa kuli bata. Mdala wina wa ku Zimbabwe amene amasamala dimba anandiuza kuti mwanangu taona mitengo ikugwedezeka, ine ndinati mdala musade nkhawa ameneyu ndi wanga. Kawiri koyamba anabwera bwinobwino. Kachitatu ali m'mwamba, ma hadeda awiri, mbalame zikuluzikulu za milomo yaitali za kuno, anadzuka pa kapinga ndi chiphokoso chawo chija, Nangozo anadzidzimuka n'kukwera, mphepo inamulowa pansi pa mapiko, anazungulira nyumba kamodzi akukuwa, kenako anakatera pamwamba penipeni pa bulugama wa kumpanda.

Chimene anthu sadziwa n'choti kwa mbalame yaing'ono kukwera n'kosavuta, imangokupiza basi. Chovuta ndi kutsika. Kutsika kumafuna kuti idziponye pansi, ichepetse liwiro ndi mchira, itambasule mapiko nthawi yake, ndipo m'khola lathu denga ndi lalifupi nde Nangozo anali asanatsikepo kuchoka patali chonchi. Amandiona, ndikaimba likhweru amayankha, amaweramira kutsogolo mapiko atatsegula pang'ono ngati akubwera, kenako mantha, n'kubwerera m'mbuyo. Anayesa kamodzi, anadutsa pamutu panga patali n'kukateranso pa nthambi ina yokwera kuposa yoyamba ija. Ndinamva m'mimba kuzizira.

Cholakwika china chinali changa chomwe, ndinaima pansi penipeni pa mtengo. Ukatero ukuiuza mbalame kuti igwe chamutu ngati mwala. Umayenera kupita patali kuti itsike mopendekera, komanso uime poti ibwere moyang'anizana ndi mphepo chifukwa mbalame zimatera choncho. Zonsezi ndimazidziwa, koma mtima ukathamanga nzeru zimathawa. Makhwangwala atatu anabwera kudzamuzungulira, ine maso kumwamba kuopa kabawi, paja kuno kuli black sparrowhawk amene amagwira nkhunda m'mayadi mwa anthu. Macaw ndi wamkulu kwa iye koma kungomuthamangitsa kokha n'kokwanira kuti mwana asochere. Abwana anafika cha m'ma 5, sanakalipe, anangoyang'ana m'mwamba n'kundifunsa kuti wadya liti. Kusakalipako kunandipweteka kuposa kukalipa.

Mdima utagwa zinkhwe siziuluka, nde tinadziwa kuti pamene ali ndi pomwepo mpaka kucha. Cha kum'mawa kunkang'anima ziphaliwali, ndipo mvula ya kuno ikabwera nthawi ino imabwera ndi matalala, ndinakhala pa mpando wa pulasitiki pansi pa mtengo nditafunda bulangete, tochi m'manja koma osamuwalitsa kuopa kumudzidzimutsa. Mdala uja anandibweretsera tiyi mu botolo, sananene kuti ndinakuuza, anangoti imwa. Mvula inadutsa mbali ina, mwayi.

Lachisanu 4 koloko tinanyamula khola la Mango n'kukaliika pakati pa bwalo, patali ndi mtengo. Kutangoyamba kuyera Mango anayamba kukuwa monga amachitira m'mawa uliwonse, Nangozo kuyankha, uku ine ndikugogoda kambale ka phala ndi sipuni chifukwa madzulo amalandirabe kaphala pang'ono ndipo phokoso limenelo amalidziwa kuyambira ali wosamera nthenga. Panatha mwina mphindi 40. Kenako anangodziponya, anabwera mokhotakhota miyendo ili lende, anaphonya dzanja langa n'kudzandimenya pachifuwa, zikhadabo kulowa mu juzi mpaka pakhungu. Ndinamugwira ndi manja onse awiri, mtima wake ukugunda ngati injini ya chigayo. Pa sikelo anali atatsika magalamu 40. Anadya phala ngati kamwana, akulira kaliridwe kaja ka anapiye kamene anasiya kalekale.

Abwana anati panja ayi kwa masabata atatu, ndipo aitanitsa ka GPS komangirira pa mbalame, ndalama zake sanandiuze ndipo sindinafunse. Loweruka tinakhomera thabwa pamwamba m'shedi ya thirakitala, pamene denga ndi lalitali, ndikumamukweza ndi makwerero kuti aziphunzira kutsika, ine n'kumasendera pafupi pang'onopang'ono kuti njira izikhala yotsetsereka kwambiri. Katatu koyamba anakana, anangokhala pa thabwapo akusewera ndi msomali. Kachinayi anabwera, anatera pa mkono bwinobwino, kenako anandilanda almond yense m'thumba la malaya ndisanamupatse n'komwe.