Amene ankadya netiweki pakhomo pathu

Ndinkafuna kusamutsa zithunzi ndi mavidiyo a banja lathu, magigabayiti 180, kuchoka pa kompyuta yakale kupita pa laputopu yatsopano. Kompyuta yakaleyo ili pachingwe chopita ku rauta. Laputopu nayo ndinaibaya chingwe, Wi-Fi ili chiyakire. Masamu a m'mutu mwanga anali osavuta: misewu iwiri, ndiye kuti katundu afika msanga kawiri.

Windows inandilonjeza maola 8.

Kanambala ka liwiro kankadzandira pakati pa 4 ndi 8 MB pa sekondi ngati munthu wochokera kumowa. Ndinayamba kusaka wolakwa, ndipo pakhomo pamene pali mwana wolakwa sasowa. Wanga anali ndalandala pasofa, maso pafoni.

"Iwe, bwera nayo kuno foniyo. Ukudya netiweki yonse."

"Koma adadi, ine ndikungo..."

"Bweretsa."

Foni inalowa m'thumba mwanga. Kanambala kaja sikanamve n'komwe kuti pachitika chilungamo, kanapitiriza kudzandira. Komatu bambo sabweza foni patangotha mphindi ziwiri, ulemu ungathe pakhomo.

Ndinazimitsa rauta n'kuyatsanso. Ndinazimitsa antivirus. Ndinaiyankhula laputopuyo mawu amene sindingawalembe pano. Kenako ndinatsegula Task Manager, pulogalamu yoonetsa zimene kompyuta ikuchita, n'kuona zochititsa manyazi: pa Wi-Fi mzere unali kukwera ndi kutsika, thukuta lili kamukamu, pamene pa Ethernet, njira ya chingwe ija, panali zii. Chingwe changa chinali chokongoletsa chabe.

Apa m'pamene ndinadziwa kuti kompyuta yokhala ndi njira ziwiri nthawi zambiri siziphatikiza, imasankha imodzi. Adaputala iliyonse, kaya ya Wi-Fi kaya ya chingwe, imapatsidwa nambala yotchedwa metric, ndipo yokhala ndi nambala yaing'ono ndiyo imanyamula katundu. Windows imagawa manambalawa poona liwiro limene adaputala ikudzitama nalo. Wi-Fi ndi mkamwa mokhamokha: imalengeza 866 Mbps (mamegabiti pa sekondi), koma zimene zimafikadi zikadutsa makoma ndi zina. Kwa ine Wi-Fi inali ndi 30, chingwe 35. Munthu wanzeru akanafunsa kuti chingwe chatsalira bwanji, popeza cha gigabit, chotha 1,000 Mbps, chimayenera kukhala ndi 25. Ine sindinafunse. Ndinangozimitsa Wi-Fi n'kudzigunda pachifuwa.

Liwiro linakwera kufika pa 11 MB, n'kuima nji, osagwedezeka.

"Amayi, tabwerani muone zimene ndachita!"

Anabwera akupukuta m'manja, anayang'ana, n'kufunsa kuti, "Ndiye zitha liti?"

"Maola 4 ndi theka basi."

"Ndiye mwandiitanira chiyani?"

Funsolo linandipweteka chifukwa linali loona. Ndipo 11 wosagwedezeka uja anayamba kundikayikitsa, chifukwa chinthu chikaima malo amodzi chonchi ndiye kuti mutu wagunda denga. MB imawerenga mabayiti, Mbps imawerenga mabiti, ndipo bayiti imodzi ndi mabiti 8. Mukagawa 100 Mbps ndi 8 mupeza 12.5, kuchotsapo zotsagana nazo panjira, mutsala ndi 11 yemweyo. Nditayang'ana pa Status ya Ethernet, zinalidi zomwezo: 100 Mbps, pamene rauta ndi makompyuta onse awiri amatha 1,000.

M'kati mwa chingwe cha netiweki muli mawaya 8 opotana awiriawiri. Gigabit imafuna onse 8, pamene 100 Mbps imakhutira ndi 4. Kawaya kamodzi mwa enawo kakaduka, zipangizo nthawi zambiri sizidandaula. Zimangogwirizana mwakachetechete kutsikira pa 100, nyale n'kumaphethira mosangalala ngati zonse zili bwino. Chinyengo chake n'chimenecho: chingwe chodukiratu ndi chabwino, chimaulula chokha.

Tsono panafunika kulondola chingwe chonse kuyambira ku rauta, kuseri kwa shelefu kumene kuli mdima ndi fumbi. Mawondo anga sagwirizana ndi zokwawa. Ndinatulutsa foni ija m'thumba.

"Iwe, tenga, uyatse tochi. Ndakubwereka chabe, wamva? Uyende ndi chingwecho, ukaona pophwanyika unene."

Ine ndinakhala pampando wanga n'kumalamula, ndikuyedzamira kumbuyo monga ndimachitira ndikamaganiza zozama. Mnyamata anakwawa kuseri kwa shelefu, anatsata khoma, anakhota pakona, analowa pansi pa tebulo. Kuwala kwa tochi kunkayandikira pang'onopang'ono mpaka kunaima pamapazi anga.

"Bwanji waima? Pitiriza."

"Adadi, tadzukani kaye."

Mwendo wakumbuyo wa mpando wanga unali pachingwe penipeni. Chinali chitaphwatalala ngati lamba, khungu lake litang'ambika, timawaya tamitundumitundu tikusuzumira. Maola atatu onse amene ndinkaweruza mwana, rauta ndi antivirus, ndinali nditakhalira mlanduwo, ndipo ndikayedzamira kuti ndiganize bwino ndinkauponderezanso.

M'katoni ya rauta munali chingwe cha Cat 5e, mtundu wotha gigabit, chimene sindinachimasulepo chigulireni. Nditachibaya, Status inalemba 1.0 Gbps, kanambala kanalumphira pa 110 MB, ndipo Windows inati zitha pasanathe theka la ola. Sindinaitane aliyense kuti adzaone.

Mnyamata anabwerera pasofa, foni ili m'manja, fumbi lili m'mutu. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa mwaulemu wonse, mokweza ndithu kuti amayi ake amve kuchipinda:

"Adadi, ndingaonere tsopano, kapena ndidya netiweki?"