Foni ya alamu anga ndi imene inandiphunzitsa OAuth

Kwa masabata awiri ndakhala ndikulimbana ndi batani limodzi, lija lolowera ndi akaunti ya Google kudzera m'njira yotchedwa OAuth, mu app ya Android imene ndikupangira gulu lathu la banki mkhonde. Ndinkayesa ntchito ya madzulo amodzi.

Zoyamba zinali zosavuta. Google inandikana ndi uthenga wakuti redirect_uri_mismatch chifukwa adiresi ya seva yanga, yobwererako munthu akamaliza kulowa, inali ndi kachizindikiro ka / kumapeto, pamene imene ndinalembetsa ku Google inalibe. Ziyenera kufanana ndendende. Kenako unabwera uthenga wina wondikana, disallowed_useragent, popeza tsamba lolowera ndinalitsegula mu WebView, kazenera koonetsa masamba a intaneti m'kati mwa app momwemo. Apa ndinayamba ndadandaula, koma nditawerenga RFC 8252, chikalata cha mu 2017 cha malangizo a OAuth pa ma app, ndinavomera: WebView ili m'manja mwa mwini app, akhoza kuona pasiwedi imene munthu akulemba. Ndinasamukira ku Custom Tabs, njira yotsegulira tsambalo mu browser yeniyeni ya foni.

Ulendo wobwerera ndi umene unandidyera nthawi. Munthu akamaliza kulowa, browser imangokhala duu, app osatseguka. Ndikayesa linki yobwerera ku app ndi adb shell am start (adb ndi chida cholamulira foni kuchokera pa laputopu), app imatseguka bwinobwino, ndiye ndinkalumbira kuti AndroidManifest.xml, fayilo yofotokozera Android za app, ilibe mlandu. Inali nawo. Mu intent-filter, gawo lonena malinki amene app imalandira, ndinaiwala mzere wa BROWSABLE, ndipo browser siitsegula app yopanda mzere umenewo, pamene adb sinkaufunsa n'komwe. Mayeso anga omwe ndiwo ankandinamiza.

Nditakonza, pa foni yanga zonse zinayenda. Loweruka ndinaika app pa foni ya alamu anga, amene ndi msungichuma wa gulu, kafoni ka RAM ya 2GB kodzaza ndi zithunzi za ukwati.

"Alamu, chinthu chanuchi chikungondibweza poyambira," anatero atayesa kachitatu. "Kapena bando yatha?"

Bando inalipo. Ndinakhala nayo foniyo pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, chingwe chili ku laputopu, maso ali pa Logcat, pomwe pamalembeka zimene zikuchitika m'foni. Chimene chinkachitika n'chakuti app isanatumize munthu ku browser imapanga zinthu ziwiri: state, yotsimikizira kuti yankho likubwerali ndi la pempho lathu lomwe, ndi code_verifier ya PKCE (njira yotetezera kusinthanaku), mawu achinsinsi amene amafunika posinthanitsa code yochokera ku Google ndi token, chiphaso cholowera. Ine ndinazisunga mu variable ya Activity (sikirini ya app) basi, malo amene amafufutika app ikaphedwa. Browser ikabwera patsogolo, app yanga imakhala kumbuyo, ndipo malo mu RAM akachepa Android imaipha. Alamu amatenga nthawi kufufuza pasiwedi m'kabuku kawo ka masheya, ndiye pobwerera amapeza app yadzuka kumene, yosakumbuka kuti inatuma munthu. State yosagwirizana, app n'kuwabweza pakhomo.

Chimene chikundinyansa n'chakuti m'maphunziro onse amene ndinatsatira, chithunzi cha OAuth chimajambulidwa ngati mivi yopita ndi kubwera pakati pa mabokosi, ngati kuti bokosi la app limakhala chidikirire. Silidikira ayi.

Tsopano ndimalemba state ndi code_verifier mu DataStore, mosungira momwe zinthu sizifufutika app ikaphedwa, ndisanatsegule browser, n'kuzifufuta token ikangofika. Poyesa, ndimayatsa Don't keep activities mu Developer options ya foni, kuti Android izitseka Activity munthu akangochokapo, kenako ndimapha app ndi adb shell am kill ndili pakati pa kulowa. Alamu analowa Lamlungu m'mawa, pasiwedi akuiwerengabe m'kabuku komweko, chilembo chimodzichimodzi.