Zikomo ana asukulu a ku Massachusetts

Ndikufuna kuthokoza anyamata ndi atsikana amene ngakhale mayina awo sindiwadziwa. Chisankho cha pa 8 November 2022 chisanachitike, ophunzira ankayenda khomo ndi khomo kuno ku Massachusetts, m'dziko la America, kupempha anthu kuti avomereze Question 1, funso loyamba pa pepala lovotera. Nkhani yake inali yoti aliyense wopeza ndalama zoposa madola 1 miliyoni pachaka azilipira msonkho wina wa 4 peresenti pa ndalama zapamwambazo, kuti zizipita ku maphunziro ndi mayendedwe.

Awiri anafika pakhomo panga madzulo kukuzizira koopsa, zala zitauma, timapepala tawo titanyowa m'mbali. Mmodzi mwa iwo, mtsikana, anali asanakwanitse zaka 18, ndiye mwiniwakeyo sakanavota n'komwe. Komabe anaima nane n'kundifotokozera modekha mpaka ndinamvetsa. Anthu ena anawatsekera zitseko, ndinaona ndi maso angawa, koma anawo sanabwerere m'mbuyo.

Voti inadutsa, ngakhale movutikira. Lero mwana wanga amadya kadzutsa ndi nkhomaliro kusukulu osalipira kanthu, ndipo zina mwa ndalama zake zikuchokera ku msonkho umenewu. Ana inu, kulikonse kumene muli, zikomo kwambiri, munatigwirira ntchito. Makolo anu nawonso ndikuwathokoza pokulolani kutuluka madzulo ozizira ngati amenewo.