Kuonera filimu utatseka mawu

Pali ntchito ina yomwe ophunzitsa za mafilimu amakonda kupatsa ophunzira awo: onera chigawo cha filimu utatseka mawu, kenako ufotokoze zomwe zachitika. Ukatha kunena amene wakwiya, amene akunama, amene akukonda mnzake koma akubisa, ndiye kuti wojambulayo ntchito anaigwira. Ukatuluka chimanjamanja, chomwe umaoneracho ndi sewero la pa wailesi lomwe angoliveka zithunzi. Ine sindili pa sukulu ya mafilimu ayi. Ndimadziphunzitsa ndekha madzulo ndikaweruka, pa foni ndi pa laputopu yokalamba, bandulo ikalola. Koma ntchito imeneyi ndakhala ndikuichita kwa kanthawi tsopano, ndipo mafilimu ena omwe ndinkawatamanda atsika mtengo, pomwe ena omwe anajambulidwa agogo anga asanabadwe akwera.

Ndinayamba ndi akalekale opanda mawu aja. Kuchokera pa 28 Disembala 1895, pomwe abale awiri a banja la Lumière anaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira ku Paris, panadutsa zaka zoposa 30 mafilimu asanayambe kulankhula. Zaka zonsezo ojambula analibe pothawira. Akafuna udziwe kuti munthu ali ndi njala, ankayenera kukuonetsa njalayo. Mawu atabwera mu 1927 ambiri anathamangira komweko, koma Charlie Chaplin anakakamira njira yakale, moti mu 1931 anatulutsa City Lights anthu ake asakulankhulabe, muli nyimbo ndi timaphokoso basi.

Mu filimu imeneyi muli vuto lomwe landiphunzitsa zambiri kuposa zonse zomwe ndawerenga. Mtsikana wosaona wogulitsa maluwa pa msewu akuyenera kuganiza kuti kamunthu kosauka ka nsapato zikuluzikulu, kamene ndi Chaplin mwini wake, ndi bwana wachuma. Nkhani yonse yatsamira pamenepo. Nanga aganiza bwanji zimenezo pomwe saona, filimunso silankhula? Chaplin anajambula chigawochi mobwerezabwereza, koposa ka 300, asanakhutire. Yankho lake ndi ili: kamunthu kaja, pofuna kudutsa pomwe magalimoto athinana, kalowera khomo lina la galimoto yapamwamba yomwe yaima, n'kutulukira khomo linalo, n'kutseka chitseko. Mtsikana uja wamva chitseko cha galimoto ya mabwana, watembenuka, watambasula dzanja ndi duwa. Atagulitsa duwalo, mwini galimoto weniweni wafika, walowa, wamenyetsa chitseko, galimoto yapita, ndipo mtsikana akuganiza kuti bwana wamusiyira chenji. Kamunthu kaja kali chiimire pomwepo, kenako kachoka monyang'ama kuti kasaononge ulemu womwe kapatsidwa mwangozi. Wolemba waulesi akanangoika mnzake wa mtsikanayo kuti anene, "Amene uja ndi wolemera." Chaplin anavutika mpaka chitseko chinalankhula.

Kenako ndinawerenga za Lev Kuleshov, mphunzitsi wa mafilimu wa ku Russia wa zaka zoyambirira za Soviet Union. Akuti anatenga nkhope imodzi ya katswiri wa zisudzo, yosaseka, yosalira, n'kuilumikiza ndi zithunzi zosiyana: mbale ya supu, bokosi la maliro, mkazi atagona pa mpando. Oonera anaona njala, kenako chisoni, kenako chilakolako, pa nkhope yomweyomweyo. Ndinaziyesa pa foni ndi nkhope ya mng'ono wanga, n'kuonetsa anthu a pakhomo. Mayi anati mwanayu ali ndi njala, mupatseni chakudya. Apa ndi pomwe ndinamvetsa kuti theka la filimu limapangidwa m'mutu mwa woonera, ndipo ntchito ya wodula ndi kulumikiza zithunzi ndi kusankha zomwe aike moyandikana.

Filimu yomwe yandikhala pamtima ndi ya ku Italy ya mu 1948, Bicycle Thieves, ya Vittorio De Sica. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse yangotha kumene, ntchito ku Rome n'zosowa. Bambo wina wapeza ntchito yomata zithunzi zotsatsa m'makoma, koma afunika njinga, ndipo njinga yake anaipinyolitsa. Mkazi wake akuvula nsalu zoyala pabedi kuti akapinyolitse, aombole njingayo. Pamalo opinyolitsirapo kamera sithamangira kutuluka. Ikutsatira kalaliki yemwe watenga mtolo wa nsaluzo akukwera mashelefu aatali mpaka kudenga, onse odzaza mitolo ya nsalu za mabanja ena. Palibe akunena kuti mzinda wonse wasauka. Waona wekha. Njingayo ikubedwa tsiku loyamba la ntchito, ndipo filimu yonse ndi bamboyo ndi mwana wake wamng'ono akuyendayenda kuifunafuna.

De Sica sanatenge akatswiri otchuka. Yemwe anasewera ngati bamboyo, Lamberto Maggiorani, anali wogwira ntchito m'fakitale, ndipo zikuoneka m'mayendedwe ake, m'mene amagwirira chipewa pamaso pa apolisi. Aliyense wodziwa munthu wa kabaza sangafunse chifukwa chomwe mwamuna wamkulu angalirire njinga. Ine ndinakula ndi mafilimu a karate ndi a nkhondo a ku video show, komwe tonse timadziwa kuti mwini filimu safa ndipo sagonja. Mwini filimu wa De Sica akuthera pobera mnzake njinga, kugwidwa, kumenyedwa makofi mwana wake akuona. Ndinatseka mawu pa chigawo chimenechi n'kungoyang'ana nkhope ya mwanayo. Palibe chomwe chinasowa.

Tsopano yesani zomwezi ndi masewero a pa kanema omwe timaonera madzulo aliwonse, aja a ku India, ku Turkey ndi ku Mexico omasuliridwa m'Chingerezi. Mukatseka mawu mutsala ndi anthu ovala bwino ataimirira m'chipinda chochezera, milomo ikugwedera. Wina akanena mawu odzidzimutsa, kamera iyendera nkhope iliyonse m'chipindamo, apongozi, mlamu, wantchito, kenako ibwererenso kwa apongozi. Sindikuwanyoza owakonda, azakhali anga sungawayankhule nthawi imeneyo ikakwana. Masewerowa anapangidwira munthu yemwe akusenda mbatata kapena kusita, woti akatembenuka asaphonye kanthu, ndipo ntchito imeneyo amaikwanitsa. Chomwe chimandinyansa ndi pomwe masewero a ndalama zambiri a pa Netflix ndi anzake achita chimodzimodzi: nkhani yokwana maola awiri aikoka mpaka zigawo khumi, munthu akulongosola zomwe wangochita kumene ife tikuona, ndipo chigawo chilichonse chikuthera pa kanyambo koti usagone. Kwinaku zithunzi zake ndi zamdima moti pa foni umangoona nkhope yako yomwe pagalasi.

Si kuti luso linafa ndi Chaplin. Parasite ya Bong Joon-ho wa ku South Korea, yomwe mu 2020 inakhala filimu yoyamba yosakhala ya Chingerezi kupata mphoto ya Oscar ya filimu yopambana zonse, ndinaionera chigawo chachikulu opanda mawu ndipo inaima njii. Banja losauka limakhala m'chipinda chomwe theka lake lili pansi pa nthaka, zenera lake likuyang'ana mapazi a odutsa. Banja lolemera lili pamwamba pa phiri. Usiku wa chimvula osauka aja akuthawa kunyumba ya mabwana, ndipo kamera ikuwatsatira akutsika masitepe, kutsikabe, kutsikabe, madzi akutsika nawo limodzi mpaka kukapeza nyumba yawo yamira. M'mawa mwake mayi wolemera akusangalala kuti mvula yayeretsa kumwamba. Pa luso, Bong ndi mdzukulu wa De Sica ndithu, kaya amadziwerengera choncho kaya ayi.

Akalewo nawonso ali ndi zawo zonunkha. Mafilimu a Tarzan a zaka za m'ma 1930 ndimalephera kuwamaliza: munthu wakuda ntchito yake ndi kusenza katundu pamutu ndi kugwera kuphompho, azungu n'kudandaula katunduyo. Kuno kwathu, kuyambira mu 1948 mpaka 1963, bungwe la atsamunda la Central African Film Unit linkajambula mafilimu oonetsa anthu akuda a ku Nyasaland ndi ku ma Rhodesia awiri aja, ambiri mwa iwo ophunzitsa ulimi, kusunga ndalama ndi kumvera boma, opangidwa ndi maganizo akuti Mwafirika samva nkhani yokhotakhota. N'chifukwa chake ndimamulemekeza Ousmane Sembène wa ku Senegal. Anali kale wolemba mabuku, koma ataona kuti anthu omwe amawalembera ambiri sawerenga Chifalansa, anapita ku Moscow kukaphunzira kujambula ali ndi zaka pafupifupi 40, ndipo mu 1968 anatulutsa Mandabi m'chilankhulo cha Chiwolofu, nkhani ya bambo yemwe ndalama yotumizidwa kuchokera ku Paris yamusandukira tsoka chifukwa alibe chiphaso choti akaitengere.

Mafilimu athu a ku Malawi ndawayesanso muyeso womwewu, ndipo ambiri sapirira. Chifukwa chake ndikuchiona. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, mochedwa kwambiri poyerekeza ndi anzathu oyandikana nawo. Zaka zonse za m'mbuyomo nkhani tinkazimva ndi khutu, Kapalepale ndi Pamajiga pa MBC, kapena kuzionera pa nsanja, kwa Du Chisiza ndi Wakhumbata, kwa a Kwathu, kwa Izeki ndi Jakobo, ndi pa mipikisano ya zisudzo ya m'sukulu za sekondale. Mphamvu yathu ili pakamwa, ndipo ndi mphamvu yeniyeni; mwambi woponyedwa pa nthawi yake ungagwetse holo yonse ndi phwete. Koma kamera itafika tinangoiimika patsogolo pa sewero lomwelo. Anthu awiri akhala pa sofa, akukambirana za munthu wachitatu kwa mphindi zisanu, kamera ili duu. Mayi akalandira uthenga wa maliro amafuula kuti, "Mayo ine, ndili ndi chisoni!" pomwe zikanakwana kutionetsa nsima ikupserera pamoto iye ali chikhalire.

Alipo omwe anaidziwa kamera. Shemu Joyah mu The Last Fishing Boat ya mu 2012 amalola nyanja ndi bwato kunena zina mwa zomwe msodzi wake sanganene. The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, yomwe Chiwetel Ejiofor anajambulira konkuno pa nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, tinaiseka ambirife chifukwa cha Chichewa chopotoka cha akatswiri ochokera kunja. Inenso ndinaseka. Koma nditaitseka mawu, Chichewa chopotokacho chitachoka, ndinaona filimu ina: minda yong'ambika, anthu akuthamangira galimoto ya chimanga, banja likudya kamodzi patsiku, manja akukumana m'mbale imodzi. Omwe anaona njala ya 2001 ndi 2002 sangafune womasulira pamenepo.

Kunena za omasulira, pali chinthu chomwe sindinkachidziwa. Anyamata athu omwe amaika Chichewa pa mafilimu a ku China, ku India ndi ku America, aja amatchula mwini filimu dzina la kumudzi ndi kusandutsa mzinda wa Hong Kong kukhala Ndirande, ali ndi akuluakulu awo ku Japan. Nthawi ya mafilimu opanda mawu kumeneko kunali anthu otchedwa benshi, oima pambali pa chinsalu, kulankhulira aliyense wa mu filimu, kufotokoza, kuseketsa. Ena anali otchuka moti anthu ankapita kukamvera iwowo, filimu ili pambuyo. Heigo, mkulu wake wa Akira Kurosawa, wojambula mafilimu wotchuka wa ku Japan, ankagwira ntchito imeneyi, ndipo ndi amene ankatenga mng'ono wakeyo kukaonera mafilimu. Ku Uganda nakonso alipo, amawatcha ma VJ.

Maganizo anga pa omasulira athuwa ndi ogawanika. Amatsegulira khomo agogo ndi ana omwe Chingerezi chinawadutsa, ndipo ena mwa iwo ali ndi nthabwala zoposa za filimu yomwe akumasulirayo. Koma amaopa chete. Pomwe wojambula anasiya dala mphindi yopanda mawu kuti uone dzanja likunjenjemera, womasulira amadzazapo ndi kupereka moni kwa makasitomala ndi kulengeza pomwe shopu yake ili. Mwana wokulira pamenepo amazolowera kuuzidwa zomwe akuona, ndipo akadzagwira kamera adzapanganso anthu awiri a pa sofa aja.

Ma benshi anatha m'zaka za m'ma 1930 mafilimu a ku Japan atayamba kulankhula Chijapanizi. Athuwa anabwera mafilimu akulankhula kale, kungoti m'zilankhulo za eni ake, ndiye ntchito yawo sikutha msanga. Munthu wa ku Mchinji kapena ku Chipata wofuna filimu ya nkhonya m'chilankhulo chake Loweruka madzulo, pakadali pano wompatsa ndi womasulira yekhayo.