Kuthokoza Amayi Ogulitsa Zitumbuwa Pamsika wa Ulónguè

Madokotala ku Tete atatiuza kuti mwana wathu asadyenso chilichonse chokhala ndi tirigu, chifukwa gluten, chinthu chopezeka m'tirigu, amawononga matumbo ake, ndinasowa chomupakira popita kusukulu, pakuti buledi ndi mandasi n'zimene anazolowera.

Ndikuthokoza amayi ena a pamsika wa Ulónguè amene, atamva vuto langa, anayamba kumukazingira zitumbuwa za nthochi ndi mgaiwa m'chiwaya chapadera, m'mafuta osakhudzana ndi a mandasi, osawonjezera mtengo. Amayi, munandiphunzitsanso kuphika chikondamoyo popanda ufa wa tirigu, ndipo sindidzaiwala. Aphunzitsi a mwana wathu nawonso amaonetsetsa kuti asamasinthane chakudya ndi anzake.

Tsopano mwanayu anasiya kutsegula m'mimba, wayamba kunenepa, ndipo temu yonseyi sanajombe kusukulu ngakhale tsiku limodzi.