Sabata yosaka ndalama za phiri

Ndimagwira ntchito ya zachuma ku kabungwe kena kosamalira nkhalango kuno ku Mulanje, koma masiku ano ntchito yeniyeni ndi yosaka ndalama basi. Lolemba a bodi anandituma ndilembe papepala limodzi komwe kwacha iliyonse yathu imachokera. Pamwamba zimaoneka bwino, madona angapo, mayina osiyanasiyana, ma logo okongola. Koma nditayamba kulondola kuti dona uyu nayenso amatapa kuti, ndinapeza kuti ambiri mwa iwo amatunga pachitsime chimodzi. N'chifukwa chake boma la America litaimitsa thandizo la USAID mu Januwale 2025 mapulojekiti amene timkaona ngati sakukhudzana anagwa pamodzi, wina kutumiza imelo yopepesa m'mawa wina madzulo.

Lachiwiri ndinakwera ndi anyamata olambula ma firebreak kumtunda kwa Likhubula. Ntchito yake ndi ya khasu ndi chikwanje, kupalira mzere wautali kuti moto wa mu Seputembala ndi Okutobala ukafika pamenepo uzime usanalowe mu mbande za mkungudza. Bambo wina wamkulu amene amatsogolera gulu anandionetsa nsapato yake, soli atamanga ndi waya, kenako anangoti "achimwene, za mwezi watha zija zili pati?" Ndinalibe yankho labwino. Ndipo vuto lathu lagona pomwepa, dona amakonda kulipira kubzala mitengo chifukwa pamakhala chithunzi, ana asukulu atanyamula timachubu, koma kulambula, fuwelo wa galimoto, malipiro a olondera, zimenezo akuti si pulojekiti. Mbande ukabzala lero osaitchingira moto ndiye kuti wangobzalira moto womwewo.

Lachitatu panabwera a suti awiri a nkhani za kaboni, zija makampani amalipira osamalira nkhalango chifukwa mitengo imayamwa mpweya woipa, ma slide ambirimbiri. Sindikutsutsa ayi, ndalama za kaboni zilipodi, koma uyambe walipira akatswiri oyeza mitengo, udikire zaka, ndipo nkhalangoyi ndi ya boma pansi pa Dipatimenti ya Zankhalango ndiye sitingangosaina tokha ngati munda wa agogo. Nditafunsa kuti mafumu ndi anthu a m'midzi gawo lawo likhala lotani anati tikambirana kutsogolo. Ndinalemba zimenezo mu lipoti momwe ananenera.

Tsiku limene ndinasangalala ndi Lachinayi, kwa alimi a njuchi. Mayi wina msungichuma wa kalabu anatulutsa kope la ana asukulu lomwe amalembamo zidebe za uchi, dzina ndi dzina, ndi kandalama kamene amapatula pa chidebe chilichonse kuti kalowe mu thumba lolondera nkhalango. Ndi kochepa zedi, sikangagule ngakhale matayala a galimoto. Koma kandalama kameneka palibe amene amatiuza kuti musagulire nsapato, ndipo anthu amene ali ndi ming'oma m'nkhalango akaona utsi sadikira kuti wina awaimbire foni, amathamanga okha. Chotsalira ndi satifiketi ya Malawi Bureau of Standards kuti uchiwo uzilowa m'mashopu akuluakulu a ku Blantyre, ndiye pakufunika kanyumba kosefera kaukhondo, ndalamanso.

Anzanga ena amati bwanji osangotengera a African Parks, bungwe loyendetsa malo osungirako nyama, anatenga Majete mu 2003, Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015, alendo amalipira pageti madola. Zoona, koma kumeneko kuli mpanda, njovu ndi mikango, phiri lilibe geti limodzi, njira zokwerera zili mbali zonse. Komanso 2020 tinaona tonse, Covid itabwera alendo anangoti zii, ma porter ndi ma guide kukhala pansi miyezi. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anagumulanso njira ndi milatho. Ndiye za alendo inde, makamaka pano UNESCO inaika phirili pa mndandanda wa World Heritage, wa malo ofunika pa dziko lonse, mu Julayi 2025, koma osaika mtima wonse pamenepo. Chimene ine ndimasirira ndi cha a Mulanje Mountain Conservation Trust, anapatsidwa thumba kuchokera ku GEF, bungwe la padziko lonse lopereka ndalama za zachilengedwe, kudzera ku World Bank n'kuliikiza, amagwiritsa ntchito phindu lake. Thumba lotere likakhala mu madola, kwacha ikagwa ngati muja inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sulira kwambiri ngati ife.

Lachisanu ndinalemba pepala la bodi. Mfundo imene ndakakamira ndi ya madzi. Ma esiteti a tiyi amathirira madzi ochokera m'phiri, magetsi a ku Bondo akuchokera mu mtsinje wa Lichenya, ngakhale Blantyre ikumwa madzi a Likhubula. Ndikufuna tiyambe kukamba ndi onse ogwiritsa ntchito madziwa kuti pakhale kachopereka ka chaka ndi chaka kopita ku ntchito ya kumtunda, cholembedwa pa mgwirizano, osati mphatso ya tsiku lobzala mitengo. Apampando anawerenga nati ndichotse mawu oti kulipira ndiike kuthandizana, anthu angathawe. Ndasintha. Za anyamata a ma firebreak tatapa kaye mu thumba la uchi, theka lokha, zotsalazo ndawauza adikire kumapeto kwa mwezi.